Utsi wa m'khitchini ukuwononga mapapo a amayi

Alipo amayi m'midzi ya kuno ku Kasungu amene akachoka pamjigo ndi ndowa pamutu amaima kawiri katatu panjira kuti apezeko mpweya. M'mawa uliwonse chifuwa, makhololo osatha. Akakayezetsa, amauzidwa kuti TB palibe, ndiye pakhomo amangoti ndi ukalamba. Ena mwa amayiwa akudwala COPD, matenda a m'mapapo amgonagona amene njira za mpweya zimatupa n'kuphinjika, moti mpweya umavuta kutuluka. Sapatsirana, komanso malo amene awonongeka m'mapapo sabwereranso mwakale.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2021 matendawa anapha anthu 3.5 miliyoni, pafupifupi imfa 5 pa imfa 100 zilizonse, ndipo anali pa nambala 4 pa matenda opha anthu ambiri. Mwa anthu amene amafa nawo asanafike zaka 70, pafupifupi 9 mwa 10 ndi a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. M'maiko olemera gwero lalikulu ndi kusuta. M'maiko ngati lathu kusuta kumayambitsa matendawa mwa odwala 30 mpaka 40 pa 100 alionse, ndipo utsi wa m'nyumba uli ndi mbali yaikulu. N'chifukwa chake nkhawa yanga ili pamafuwa.

Lowani m'khitchini mwanu, muyang'ane kudenga. Mwaye umene wada bii paudzupo waunjikana ndi utsi womwewo umene mayi amapuma m'mawa, masana ndi madzulo, atawerama n'kumauzira moto, mwana ali kumbuyo.

Nkhuni zaziwisi ndizo zimafuka kwambiri, choncho muziziwaza n'kuziimika padzuwa, ndipo dzinja lisanafike sungani zina pansi pa denga. Zitsononkho ndi mapesi nazonso ziume kaye. Kukolezera moto mapepala apulasitiki, chonde, tisiye. Kukakhala kulibe mvula phikirani panja kapena pachisakasa chopita mphepo. Abambo, boolani mawindo awiri oyang'anizana m'khitchini, ndipo musiye mpata pakati pa khoma ndi denga; imeneyi ndi ntchito ya tsiku limodzi. Chitetezo mbaula imatha nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu, koma utsi siithetseratu, ndiye nayonso muziigwiritsa ntchito podutsa mphepo. Mu Juni ndi Julaye musagone ndi moto kapena mbaula ya makala m'nyumba yotseka, chifukwa mpweya wake ungathe kupha usiku womwewo.

Kuno ndi kwa alimi a fodya, ndiye ndinenenso izi. Chingambwe chokulunga nokha chimawononga mapapo ngati ndudu ya m'sitolo. Posankha ndi kudinda fodya m'chigafa, tsekulani mbali zonse, valani chotchinga kukamwa ndi mphuno, ndipo ana asasewere m'fumbimo. Amene anadwalapo TB asamale koposa, pakuti mapapo ake ali kale ndi zipsera.

Chifuwa chikapitirira milungu iwiri kayezetseni TB. Zotsatira zikaonetsa kuti mulibe, koma phuma likupitirira, musakhale pansi. Bwererani kuchipatala mukawafotokozere adokotala zaka zimene mwakhala mukuphika m'utsi kapena kusuta, mufunsenso za mankhwala opopera m'kamwa, amene amatsekula njira za mpweya. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakuuzeni chipatala choyambira.