Rodi ya silinda ya loda ikapindika

Mwafunsa ngati rodi yopindika ya silinda ya loda (makina onyamula dothi ndi bakete) ingawongoledwe. Rodi ndi ndodo yachitsulo yomwe imalowa ndi kutuluka mu silinda. Yambani ndi kutsitsa bakete pansi, zimitsani injini, gwedezani ma lever uku ndi uku kuti presha ithe, chifukwa oyilo wopanikizika amaboola khungu. Masulani mapaipi n'kuwatseka kukamwa, chotsani mapini, tsitsani silinda. Masulani gland (chotsekera cha silinda pomwe rodi imatulukira), sololani rodi, chotsani pisitoni, kenako gonekani rula yachitsulo pa rodiyo muone mpata wosonyeza mmene yapindikira.

Ngati yapindika pang'ono ndipo chrome (chitsulo chonyezimira chokutira rodi) sinang'aluke, amakaniko angaiwongole pa press (makina opanikiza zitsulo). Chonde musaiwotche ndi moto, chitsulocho chimafooka. Chrome ikang'aluka, ingogulani rodi ina yofanana kunenepa ndi kutalika. Ma seal (mphira zotchinga oyilo kuti asadonthe) ikani atsopano basi.

Mukamanga, onjezani oyilo, kwezani ndi kutsitsa loda kangapo popanda katundu kuti mpweya utuluke.