Momwe mungakonzere ndi kulimbitsa kunsi kwa galimoto yanu ya 4x4 mvula isanayambe

Galimoto zambiri za 4x4 kuno kwathu zimayambira kufa kunsi. Pamwamba penti ikuwala, koma sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini) idaphwanyika pang'ono, diff (bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala) idamwa madzi chaka chatha, ndipo chasisi (felemu yachitsulo yonyamula galimoto) ikudyeka ndi dzimbiri. Amene amayendetsa Hilux, Land Cruiser kapena Pajero mumsewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia, kapena wochoka ku Rumphi kupita ku Nyika, amalidziwa bwino phokoso la mwala ukagunda kunsi. Ntchito zili m'munsizi mutha kuzigwira pakhomo panu, ndipo nthawi yabwino ndi Seputembala kapena Okutobala pansi pakadali pouma. Wowotcherera mudzamufuna pa zinthu ziwiri zokha.

Choyamba: tsukani, kenako kwezani mosamala

Matope ouma amabisa zonse ndipo amasunga chinyezi. Chasisi ya magalimoto amenewa ndi yamphako, ili ndi mabowo m'mbali. Lowetsani paipi ya madzi m'mabowomo mpaka madzi otuluka ayere, kenako isiyeni tsiku lonse kuti iume.

Imikani galimoto pamalo athyathyathya ndi olimba, ikani giya yoyamba, kokani handibuleki, ndipo tsekerani matayala ndi zipika. Jeke ndi yokwezera basi, munthu sagona pansi pa galimoto yomwe yatsamira jeke. Njerwa ndi mabuloko a simenti nazonso ayi, chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza, pomwe Hilux imalemera pafupifupi matani 2. Ikani masitandi achitsulo pansi pa chasisi, ndipo musanalowe igwedezeni mwamphamvu muone ngati yakhazikika. Pakhale munthu wina pafupi. Ubwino wake, galimoto zimenezi ndi zazitali moti zambiri mwa ntchitozi zimatheka matayala ali pansi.

Chachiwiri: yenderani musanagule kanthu

Tengani tochi, nyundo yaing'ono ndi chitsulo chochotsera matayala, valani magalasi oteteza maso, muyambire kutsogolo. Gogodani chasisi. Chitsulo chabwino chimalira bwino, chodyeka chimamveka mogontha ndipo chimagwetsa makoko. Khalitsani pomwe masipuling'i akumbuyo amagwira chasisi komanso pafupi ndi thanki, chifukwa ndi pomwe matope amaunjikana.

Pinikizani ma bush, timarabala ta m'malo olumikizira zitsulo, ndi chitsulo chija. Akamasewera kapena atang'ambika, atha. Shock yonyowa ndi oyilo yatha. Rabala wa CV joint (mfundo ya shafti yopereka mphamvu ku tayala) akang'ambika mudzaona girizi atamwazikira mkati mwa tayala, ndipo mukamusintha msanga mudzapulumutsa joint yonse. Gwirani propshaft, shafti yaitali yopereka mphamvu ku diff, muigwedeze; siyenera kulira. Paipi ya mabuleki ikakhala ndi dzimbiri lozama, musaimate ndi chilichonse, isintheni.

Chachitatu: dzimbiri

Palani ndi burashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo chioneke. Pakani rust converter (mankhwala opha dzimbiri), ikauma pakani red oxide (penti yofiira yoyambira), pomaliza penti yakuda ya chasisi. Penti yopaka pamwamba pa dzimbiri imangolibisa, ilo nkumadyabe mkati. Musapake pa ekizosi, pa mabuleki kapena pa timilomo tothirira girizi.

Ambiri amapopera oyilo wakale wa injini kunsi konse. Ine sindigwirizana nazo: amafewetsa rabala, amakoka fumbi, ndipo tsiku lomwe china chayamba kudontha simungadziwe komwe chikuchokera.

Nyundo ikaboola chasisi, imeneyo ndi ntchito ya wowotcherera wodziwa, adule podyekapo aike chitsulo chatsopano. Asanayatse makina, chotsani waya wa negativu pa batire, ndipo ngati malowo ali pafupi ndi thanki kapena mapaipi a mafuta, thanki itsike kaye.

Chachinayi: diff izipumira pamwamba

Iyi ndiye ntchito yotsika mtengo kuposa zonse, komanso yomwe anthu amaiiwala kwambiri. Pamwamba pa diff pali kachitsulo kakang'ono kokhala ndi chipewa chosewera, komwe amakaniko amakatcha breather. Ntchito yake ndi kutulutsa mpweya oyilo akatentha. Vuto limabwera mukalowa mumtsinje mutayenda mtunda wautali. Diff yotentha ikakumana ndi madzi ozizira, mpweya wamkati umafota mwadzidzidzi ndipo diff imayamwa chomwe chili panja. Ngati breather ili m'madzi, imayamwa madzi. Ngati yatsekeka ndi matope, madziwo amalowera pa maseal, timarabala totchinga oyilo. Galimoto imayendabe bwinobwino, ndipo pakadutsa miyezi ingapo mumayamba kumva kulira kumbuyo, mabering'i atatha.

Yambani ndi kuona oyilo. Masulani pulagi yothirira kaye, yapambali, musanakhudze yokhetsera yapansi. Mukakhetsa oyilo kenako nkupeza kuti yothirira yakana kumasuka, galimoto yagona pomwepo. Oyilo akamaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti muli madzi. Khetsani, thirani watsopano mpaka ayambe kusefukira pabowo lothirira. Ambiri amafuna GL-5 wa 80W-90, koma onani buku la galimoto yanu, chifukwa diff ya LSD (yoletsa tayala limodzi kuzungulira lokha) ili ndi oyilo wakewake.

Kenako pukutani pozungulira breather kuti dothi lisagwere mkati, imasuleni, mupite nayo kusitolo ya zipangizo kuti akupatseni kachitsulo ka mazinga ofanana kolowetsapo paipi. Gulaninso paipi ya rabala ya mafuta ya 6 mm, mamita 5 amakwanira ku diff yakumbuyo. Mangani paipiyo ndi kilipi, muiyendetse motsatira chasisi, kutali ndi ekizosi, mukuimanga ndi ma cable tie, mpaka ifike pamwamba m'chipinda cha injini. Pafupi ndi ekiselo siyani paipi yolendewera pang'ono, kuti tayala likagwera m'dzenje isakokeke nkuzuka. Kumapeto kwake ikani kasefa kakang'ono ka petulo, kamwa yake iyang'ane pansi. Chitani chimodzimodzi ku diff yakutsogolo, ndipo ngati giyabokosi ndi transfer case (bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) zili ndi ma breather ofikika, nazonso.

Chachisanu: mbale yoteteza sampu

Mbale yomwe imabwera ndi galimoto zambiri ndi kachitsulo kopyapyala kotchinga fumbi ndi timiyala, ndipo pa galimoto zakale nthawi zambiri kadagwa kalekale. Mufunika chitsulo cha 3 mm kapena 4 mm. Aluminiyamu ndi wopepuka koma ayenera kukhala wa 6 mm, ndipo owotcherera ambiri am'misika alibe makina ake.

Musatume munthu ndi miyeso yapakamwa. Tengani katoni yaikulu, mugone nayo kunsi, muidule ndi kuipinda mpaka ikhale momwe mbaleyo idzakhalire, kuyambira pansi pa rediyeta mpaka kupitirira sampu. Lembani pomwe pali mabowo a mabawuti omwe ali kale pa chasisi. Musaboole atsopano, ndipo musalole kuti mbaleyo iwotcheredwe ku chasisi, chifukwa mudzafuna kumaichotsa. Katoniyo ndi yomwe mupite nayo kwa owotcherera, kaya ku Ndirande kaya pafupi ndi kwanu.

Auzeni zinthu izi. Kutsogolo kupindikire m'mwamba kuti mwala uziterereka m'malo mogunda. M'mbali apinde mlomo kapena aike timizere tachitsulo kuti mbale isapindike pakati. Pakati pa mbale ndi sampu pakhale mpata wa masentimita 2, chifukwa injini imagwedera, komanso mbale yogundana ndi sampu imangopereka nkhonya yonse kwa sampuyo. Aboole bowo lokwana dzanja pansi pa pulagi ya oyilo, ndi ena ang'onoang'ono otulutsira madzi ndi matope. Mitu ya mabawuti aizungulize ndi kamphete kachitsulo, apo ayi miyala idzaisalaza ndipo sipanala sidzagwiranso.

Mabawuti akhale olembedwa 8.8 pamutu, okhala ndi mawasha. Pa Toyota, bawuti ya M8 imamasulidwa ndi sipanala 12 ndipo ya M10 ndi 14, pomwe zogula kusitolo nthawi zambiri zimafuna 13 ndi 17, choncho sungani zonse m'galimoto. Pakani girizi pang'ono pa mazinga kuti zisadzagwirane. Pokweza mbale gwiritsani jeke, lowetsani mabawuti onse ndi dzanja, kenako nkumanga.

Mukamaliza

Popani girizi m'timilomo tonse ta propshaft mpaka watsopano atulukire. Yendani pang'ono mukumvetsera ngati mbale ikugunda penapake, diso lili pa geji ya kutentha, popeza mbale yotseka kwambiri imachepetsa mphepo yofika ku injini. Pakatha makilomita 100 manganinso mabawuti onse. Mukadutsa m'tchire m'chilimwe, chotsani udzu wouma womwe umaunjikana pamwamba pa mbale ndi pa ekizosi, chifukwa umatha kuyaka. Ndipo mukawoloka madzi opitirira pakati pa tayala, masulani pulagi yothirira ya diff mawa lake muone mtundu wa oyilo.