Momwe mungakonzere malo osungira zovala ofika mpaka kudenga m'chipinda chaching'ono

Zipinda zogona za nyumba zambiri za lendi ku Ndirande, Chilomoni kapena Area 25 n'zoti mukangolowetsamo bedi, malo atha. Zovala zimathera m'masutikesi kunsi kwa bedi, zina pachingwe chodutsa pakona. Komatu pamwamba pa mutu wanu pali malo amene sakugwira ntchito. Wadiropu yogula yopangiratu nthawi zambiri imalekeza pa mamita awiri kapena osafika n'komwe, pomwe khoma limapitirira mpaka mamita 2.4 kapena kuposerapo. Danga lotsalalo limangosonkhanitsa fumbi. Njira yake ndi yotenga khoma limodzi n'kuligwiritsa ntchito lonse, kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Sankhani khoma, kenako yezani

Khoma labwino ndi lam'kati, logawa zipinda. Lija limene mvula imamenya kunja kwake limasunga chinyezi kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo zovala zotsamira pamenepo zimachita nguwi, makamaka masuti ndi nsapato zachikopa. Onaninso kumene chitseko chimatsegukira, pamene pali zenera ndi soketi, komanso pamene mumapachika neti yoteteza ku udzudzu. Neti isasowe malo chifukwa cha zovala.

Poyeza kuchokera pansi mpaka kusiling'i, ikani tepi m'malo atatu: kumanzere, pakati ndi kumanja. Pansi pa nyumba zambiri m'popendekera, siling'i nayo imatsika pena. Nambala yaing'ono kwambiri ndiyo mugwiritse ntchito, n'kuchotserapo masentimita awiri. M'lifupi muchitenso chimodzimodzi.

Muyezo umene anthu amalakwitsa kwambiri ndi wochokera kukhoma kubwera m'chipinda. Hang'ala ndi yotalika masentimita pafupifupi 45, ndiye ikanyamula jekete pamafunika masentimita 55 mpaka 60. Mukachepetsa, manja a malaya azipanikizika ndi chitseko. Kutsogolo kwake kutsale njira ya masentimita 60 kapena kuposa kuti muzidutsa osakhula bedi. Ngati chipinda sichikulola, chepetsani mpaka masentimita 40, koma zopachikira zikhale timapaipi tifupitifupi tochokera kukhoma kuloza kwa inu, zovala ziziyang'ana kutsogolo ngati m'sitolo.

Gawani khomalo potengera zovala zanu

Musanaitane kalipentala, tulutsani zovala zonse muziike pabedi m'milu: zopachika zazitali, zopachika zazifupi, zopinda, ndi zimene mumagwiritsa ntchito nyengo imodzi yokha. Milu imeneyi ndiyo ikuuzeni kagawidwe kake.

Malaya, masiketi ndi mabuluku opinda pahang'ala amafuna kutalika kwa mita imodzi. Choncho pambali imodzi mutha kuika mapaipi awiri, wina pamwamba pa unzake, n'kupachika zovala zochuluka kawiri pamalo omwewo. Madiresi aatali, mikanjo ndi mayunifomu a kumpingo amafuna masentimita 150 mpaka 170, koma kagawo kake kasakule. Ambiri tili ndi zovala zotere zowerengeka. Zitenje, majuzi ndi matisheti zipite m'mashelefu otalikirana masentimita 30. Mukatalikitsa kwambiri, mulu umakwera n'kugwa tsiku loyamba lomwe mwasolola chitenje chapansi. Nsapato pansi penipeni. Pamwamba pa mamita awiri, pamene simufika popanda kukwera pampando, ndi pa mabulangete, masutikesi ndi majekete a mu Juni ndi Julaye.

Muuzeni mmisiri apange zigawo ziwiri

Apa m'pamene ndalama zimatayikira. Wadiropu yotalika ndendende ngati chipinda, ikakhomedwa ili chigonere, siingaimikidwe. Poidzutsa, ngodya yake imagunda siling'i isanaime: thabwa lam'mbali la masentimita 240 ndi 60, kuchokera ngodya ina kufika ina mopingasa limakwana masentimita 247. Pakhomo napo siingalowe bwino, chifukwa zitseko zambiri n'zotalika pafupifupi mamita awiri.

Ndiye uzani a kalipentala kuti apange chigawo chapansi cha mamita awiri kapena kucheperapo pang'ono, ndi mabokosi apadera okasanjika pamwamba n'kumangidwa ndi masikuluwu. Kwa inu a lendi ubwino wake ndi woti tsiku losamuka muzangomasula n'kukweza pagalimoto, ndipo ngati nyumba yatsopano ili ndi siling'i yotsika, mabokosi apamwambawo mutha kuwaika pena.

Za matabwa: blockboard ndi plywood, omwe ndi matabwa omatikiza kufakitale, zimagulitsidwa m'mashiti a masentimita 244 ndi 122. Shiti imodzi ikang'ambidwa pakati m'litali imatulutsa mbali ziwiri za pafupifupi masentimita 60, popanda chotaya. Sankhani yokhuthala mamilimita 18 kapena pafupi pamenepo. Paini, ngati wa ku Chikangawa, ndi wotchipa poyerekeza ndi mlombwa kapena mbawa, koma funsani ngati wauma. Thabwa laliwisi limapindika likamauma, zitseko n'kuyamba kukana kutseka. Chipboard, ija yopangidwa ndi tizidutswa ta matabwa tomatidwa pamodzi, ine sindiikonda m'nyumba zokolopa tsiku lililonse, chifukwa ikangomwa madzi imafufuma ndipo sibwereranso. Shelefu isapitirire masentimita 80 popanda chogwiriziza pakati, paipi yopachikira isapitirire mita imodzi.

Chiswe ndi chinyezi

Matabwa a wadiropu yeniyeniyo asagunde simenti. Pansi paikidwe kamaziko kokwera masentimita 10, ndipo matabwa ake apakidwe mankhwala oteteza ku chiswe, n'kuwasiya panja aume fungo lithe musanaikemo zovala. Kumbuyo siyani kampata ka masentimita awiri kapena atatu kuti mpweya uzidutsa. Ngati nyumba ilibe siling'i, pamwamba pa bokosi lomaliza pakhale chivindikiro chathunthu, chifukwa malata amadontha thukuta m'mawa kukazizira, fumbi limagwa, makoswe nawo amayenda pamitanda.

Imangirireni kukhoma

Chinthu chachitali chonchi, chokhala ndi masutikesi pamwamba, chikhoza kugwera mwana amene wakwera mashelefu. Chimangeni kukhoma ndi zitsulo zopindika ngati L, ziwiri kapena zitatu chakumtunda. Boolani panjerwa penipeni, osati pamzere wa matope, n'kulowetsa mapulagi apulasitiki musanamange masikuluwu. Musaboole molunjika pamwamba kapena pansi pa soketi ndi switchi, mawaya amagetsi amakonda kudutsa mmenemo. Khoma la zidina siligwira pulagi. Pamenepo kulemera konse kukhale pansi, ndipo kumtunda mumangirire ku mtanda wa denga. Alandilodi auzeni kaye musanaboole, zingadzavute podzasamuka.

Zitseko kapena katani?

Chitseko cha mahinjesi cha masentimita 50 chimafunanso masentimita 50 kutsogolo kuti chitseguke. Zitseko zotsetsereka sizidya malo, koma n'zodula, ndipo njanji yake ikakhala yosalimba imayamba kuvuta msanga. M'chipinda chothina kwambiri katani ndiyo yabwino: paipi kapena waya wolimba pamwamba, nsalu yochindikala yofika pansi. Zitenje zolumikiza zimagwiranso ntchito, bola muzizichapa chifukwa fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala sililekerera. Mabokosi apamwamba okha ndiwo akhale ndi zitseko, popeza zimene zili mmenemo zimakhala miyezi osakhudzidwa.

Ngati ndalama ya wadiropu yathunthu palibe, chotsani mbali ndi kumbuyo komwe. Khomani mabulaketi achitsulo pakhoma la njerwa zootcha, muike mashelefu atatu kapena anayi mbali imodzi, paipi mbali inayo, shelefu imodzi yaitali pamwamba, n'kutchinga ndi katani. Kagawidwe kake n'komweko, miyezo n'njomweyo.

Polongedza, zolemera zikhale pansi, zopepuka pamwamba. Mabulangete muwachape, aume bwinobwino padzuwa, kenako muwaike m'zikwama zotseka ndi zipi musanawakweze. Sutikesi yopanda kanthu isakwere yokha: ikanimo majekete kapena mashiti a alendo. Ndipo chovala chimene mwavala tsiku lonse chisalowe mwachindunji pakati pa zochapa. Khomani kokolowekera kuseri kwa chitseko cha chipinda, chigone pamenepo chiwombedwe mphepo.