Ana akamagwira mbululu ndi abuluzi pakhomo

Mvula ikangoyamba kuno ku Salima, ana sachedwa kubwera ndi mbululu m'chigubu. Musawakalipire makolo anzanga, koma madzi ake akhale a mvula kapena a pachithaphwi pomwe azitenga. A pampopi ali ndi klorini, zimafa msanga. Ikanimo kamwala koti zizikwerapo miyendo ikamera, kenako akazibweze.

Nalimata asamugwire kumchira, umaduka n'kumavinavina pansi. Wanga wamng'ono analira mpaka madzulo poganiza kuti wapha. Bilimankhwe alibe poizoni ngakhale agogo ankatiopseza naye. Mulekeni akwere yekha pakamtengo, ana aone diso lina likuyang'ana kutsogolo, lina kumbuyo.

Kudambo asalowe, kuli likodzo. Akaona njoka aitane wamkulu basi. Asambe m'manja ndi sopo asanagwire nsima.