Suti yofunda ya maphunziro osambira m'mapanga a pansi pa madzi: musankhe bwanji?

Munthu wokulira ku Nchalo kapena ku Bangula, komwe mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, akamva kuti madzi a m'mapanga a Chinhoyi ku Zimbabwe amakhala pa madigiri 22 chaka chonse, amati amenewo ndi madzi abwino kusamba. N'zoona kwa mphindi khumi zoyamba. Koma madzi amayamwa kutentha kwa thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mphepo, ndipo pa maphunzirowa simusambira mwamphamvu ngati ku Cape Maclear. Mumakhala phee malo amodzi, kumanga chingwe chosonyeza njira yotulukira m'phanga, kudikira mnzanu amalize, kenako kulondola chingwecho ndi zala mumdima. Mumalowa kawiri patsiku, masiku angapo motsatizana, ndipo kuzizidwa kwa dzulo kumakutsatani lero. Choncho suti muisankhire ola lomaliza la tsiku lachitatu.

Wetsuit, suti ya mphira imene imalowa madzi pang'ono omwe thupi limawatenthetsa, imayezedwa makulidwe ake m'mamilimita. Ya 3 isiyeni, njakunyanja. M'madzi a madigiri 24 kapena 25, ngati a m'mapanga a ku Mexico, ya 5 ya thupi lonse imakwanira ambiri. Pa madigiri 22, monga ku Chinhoyi ndi ku akasupe a ku Florida, tengani ya 7, kapena ya 5 muwonjezere vesiti yokhala ndi chipewa mkati mwa sutiyo. Ngati ndinu woonda, kapena mumafunda bulangete mu Juni kuno kuchigwa, pitani pa 7 osazengereza.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti neoprene, mphira wa sutiyo, uli ndi timathovu ta mpweya. Pa mamita 10 kukanikiza kwa madzi kumawirikiza kawiri, pa mamita 30 kanayi, ndiye timathovu timaphwa, suti imapyapyala, kufunda kumachepa. Suti yakale imakhala itaphweratu. Mukaipeza pa kaunjika, itsineni pamsana ndi pachifuwa: ngati mphirayo sabwerera msanga, kapena wauma ngati chikopa, kaikhale.

Kukwana kwake n'kofunika kuposa nambala. Igwire thupi lonse, pasakhale thumba m'khwapa kapena m'chiuno, chifukwa madzi akamalowa pakhosi n'kutulukira kuakakolo, thupi lanu limangotenthetsa madzi atsopano mpaka kutopa. Koma isafinye khosi, ndipo muthe kupuma mokoka komanso kufikira valavu ya silinda ya mpweya wopuma kumbuyo kwa mutu.

Chipewa valani nthawi zonse. Chimatetezanso mutu ku mwala wa kudenga. Magolovesi ochindikala ayi, chifukwa chingwe mumachimva ndi zala. Ambiri amadula nsonga za magolovesi opyapyala.

Suti yochindikala imayandama kwambiri, ndiye imafuna mtovu wambiri wokulemeretsani kuti mumire, ndipo mukatsika n'kuphwa mumalemera mwadzidzidzi. Zipsepse zikangokhudza pansi, matope amavunduka, njira osaonekanso. Yesani mtovu wanu ndi suti yomweyo, silinda ili pafupi kutha, maphunziro asanayambe. Muyesere m'dziwe losambirira kapena kunyanja, osati mu Shire momwe muli ng'ona ndi mvuu. Drysuit, suti yosalowa madzi, ndi yabwino pa maulendo aatali, koma ili ndi maphunziro akeake, musaiphunzirire m'phanga.

Kumtunda, vulani suti mpaka m'chiuno mudikire pamthunzi, muvale komaliza, ndipo imwani madzi, pakuti kuzizira kumakodzetsa. Mukabwera nayo kunyumba, itsukeni ndi madzi oyera, iume pamthunzi. M'galimoto yotseka kapena m'kanyumba ka malata ku Nsanje, mphira umauma n'kung'aluka.

Mukayamba kunjenjemera, zala zachita dzanzi, mfundo ikukanika kumanga, dziwani kuti mpweya mukuumaliza msanga, ndipo thupi lozizira limachedwa kutulutsa nitrogen, mpweya umene umachulukana m'thupi mukakhala pansi pa madzi, pokwera. Lozani chala chachikulu m'mwamba, gulu lonse litembenuke n'kutsata chingwe kutuluka.