Momwe mungakumbukirire nkhope ya munthu wachilendo amene wakuberani

Ndimagwira ntchito yotumiza ndi kulandira ndalama pa foni, ndipo tsiku lina munthu amene sindinamuonepo anandionetsa uthenga wabodza n'kupita ndi ndalama zanga. Zimene ndikulemba pano ndinaziphunzira pamene ndinkavutika kumufotokoza kwa apolisi.

Choyamba, munthuyo akadali pamaso panu, kwezani maso mumuyang'ane. Maganizo amasunga chokhacho chimene aikapo mtima, ndipo ine maso anga anali pa ndalama zimene ndinkawerenga, moti ndinakumbukira chikhadabo chachitali cha chala chake chaching'ono koma mphuno yake sindinaione n'komwe. Mu 1999, akatswiri a za maganizo a anthu Daniel Simons ndi Christopher Chabris anaonetsa anthu kanema wa osewera akupatsirana mpira n'kuwauza kuti awerenge maulendo amene mpirawo waponyedwa, ndipo pafupifupi theka la anthuwo sanaone munthu wovala ngati gorila amene anadutsa pakati pa osewerawo. Pakakhala mpeni kapena mfuti, maso amakakamira pa chidacho. Komanso nkhope yachilendo timaigwira potengera tsitsi, ndevu ndi chipewa, zinthu zimene mbava ikhoza kusintha tsiku lomwelo, choncho funafunani chipsera, mpata wa mano, maonekedwe a makutu ndi kalankhulidwe. Msinkhu wake muuyerekeze ndi chitseko chimene waimapo.

Chachiwiri, akangochoka, lembani zonse muli nokha musanalankhule ndi aliyense. Apa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Anthu atadzadza pamalopo, mayi wogulitsa tomato anati munthuyo anali ndi ndevu, mnyamata wa kabaza anati anavala jekete yofiira, ndipo ine ndinkangovomera. Madzulo ake wina ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha bambo wina amene ankamukayikira. Ndinachiyang'ana kambirimbiri, ndipo pofika m'mawa nkhope ya m'chithunzi inali italowa m'malo mwa imene ndinaona ndi maso anga, moti ndikanalumbira kukhoti. Zinadziwika pambuyo pake kuti tsikulo bamboyo anali kumaliro kumudzi kwawo. Katswiri wa za maganizo a anthu Elizabeth Loftus anasonyeza kalekale kuti zimene munthu wamva pambuyo pa chochitika zimasakanikirana ndi zimene anaonadi, mwini wake osazindikira. Ku North Carolina m'dziko la America, Jennifer Thompson analoza Ronald Cotton mu 1984 kuti ndiye anamugwiririra, ali wotsimikiza kwambiri, ndipo Cotton anakhala m'ndende zaka zoposa 10 mpaka pamene kuyeza DNA kunamumasula mu 1995. Kuno kwathu, kumene gulu la anthu nthawi zina limalanga lokha woganiziridwa, kuloza molakwika kungathe kuphetsa munthu wosalakwa.

Kope laling'ono ndi cholembera n'zotsika mtengo, zizikhala m'kabati nthawi zonse, ndipo ngati manja akunjenjemera dzijambuleni mawu pa foni. Ponena za makamera a CCTV, samalani ndi otchipa amene anyamata ena amayenda nawo m'misika, chifukwa yoyamba imene ndinagula inkaonetsa nkhope ngati utsi ndipo memori khadi yake inali yachinyengo. Kamerayo muiike molingana ndi nkhope ya kasitomala, osati kudenga kumene imangojambula chipewa.

Kupolisi pitani tsiku lomwelo ndi zimene mwalemba. Akakuonetsani zithunzi kapena mzere wa anthu, kumbukirani kuti wakubayo akhoza kusakhalapo, ndipo musasankhe amene akungofananako pang'ono. Nenani nthawi yomweyo ngati mwatsimikiza kapena mukukayika, ndipo mupemphe kuti mawu anuwo alembedwe momwe mwawanenera.