Kamangidwe ndi Kayatsidwe ka Tochi ya Gasi Yowochelela Mphete, Ndolo ndi Zibangili

Malangizo awa ndi a tochi yaing'ono ya m'manja imene imasewenza ndi masilinda awili: ina ya okosijeni, ina ya gasi ya LPG kapena propane, mtundu womwewo umene anthu amaphikila. Welengani mpaka kumapeto musanamange ciliconse. Gasi ndi okosijeni zikakumana ku nozo, kamlomo ka tochi kotulukila lawi, lawi lake limatentha pafupifupi madigili 2,800. Siliva amasungunuka pa 961, golide pa 1,064, ndipo mkuwa pa 1,085. Lawilo lingacepe ngati njele ya mpunga, koma limaboola khungu munthu asanacotse dzanja. Zida izi ndi za LPG cabe, musazimange ku silinda ya acetylene, gasi ina yowochelela.

Malo osewenzela

Sankhani cipinda cokhala ndi mawindo otseguka, ndipo citseko cikhale kumbuyo kwanu kapena pambali, kuti ngati cina calakwika mutuluke osadutsa pa masilinda. Gasi ya LPG ndi yolema kupambana mpweya umene timapuma. Ikadontha siikwela kudenga. Imayenda pansi, n'kukadzaza m'makona, pansi pa thebulo ndi m'ngalande, mpaka itapeza moto. Cifukwa cake musasewenzele m'cipinda capansi kapena pafupi ndi dzenje, ndipo mbaula, sitovu yoyaka, kandulo ndi fodya zisapezeke m'cipindamo. Malaiti akapita, imitsani nchito. Kuunikila pa benchi ndi kandulo ndi kuitana ngozi.

Pamwamba pa thebulo yalani njelwa zosapsa ndi moto kapena bolodi lowochelelapo. Njelwa wamba zonyowa ndi simenti zimatha kuphulika zikatentha mwadzidzidzi. Cotsani mapepala, nsanza, sipiliti ndi thinazi. Pafupi ndi citseko pacikani cozimitsila moto ca paudala, ndipo aliyense wosewenza m'shopumo adziwe kaseguliwe kake.

Masilinda aime cilili ndipo amangidwe ndi cheni ku cipupa kapena pa tilole yake, kutali ndi lawi ndi dzuwa. Silinda ya okosijeni yodzaza imakhala ndi presha yofika pa 200 bar. Ikagwa n'kuthyoka valavu imathamanga yokha ndipo palibe angaigwile. Silinda ya LPG ikagona imatumiza gasi yamadzi m'paipi m'malo mwa nthunzi yake. Musadalile utoto wa silinda kuti mudziwe za mkati, welengani cizindikilo colembedwa pa phewa lake.

Mafuta ndi okosijeni

Ili ndi lamulo limene anthu ozolowela kukonza mainjini amaliphwanya mosadziwa, cifukwa dzanja lawo linazolowela kudzoza gilisi pa nati iliyonse yolimba. Pa zida za okosijeni musaike oilo, gilisi, Vaseline ngakhale mafuta ophikila. Mafuta akakumana ndi okosijeni wa presha yaikulu amatha kuyaka okha popanda machisi, ndipo regulator, cipangizo cocepetsa presha ya gasi yotuluka mu silinda, imaphulika m'manja mwa munthu. Sambani m'manja ndi kuumitsa musanagwile valavu. Ngati mwadzola mafuta a pakhungu, sambaninso. Nati ikakana kulowa ngakhale mukuitembenuzila koyenela, ndiye kuti mazinga ake aonongeka kapena si ya pamenepo, ibwezeni kumene munagula. Musakulunge tepu ya mapulamba pa mfundo izi, zinapangidwa kuti zizitseka zokha zikamangidwa bwino. Ndiponso musapukute fumbi pa zovala ndi okosijeni, cifukwa nsalu imene yamwa okosijeni imayaka mwamsanga kwambili.

Kumanga zida

Silinda iliyonse ili ndi regulator yake, ndipo sizisinthana. Regulator ya pa sitovu ya kukhichini siiyenela pano. Imatulutsa gasi pa presha yocepa kwambili ndipo simungaisinthe. Mufunika regulator ya LPG yokhala ndi geji ndi cogwilila cosinthila presha.

Yang'anani pakamwa pa valavu ngati pali fumbi. Ku silinda ya okosijeni, imani pambali, tsegulani pang'ono kamodzi n'kutseka pomwepo kuti fumbilo liuluke. Kenako mangani regulator ndi sipanala yokwana bwino, osati pulayazi. Manati a okosijeni amamangika potembenuzila kumanja monga manati ena onse. Manati a gasi yoyaka amamangika potembenuzila kumanzele, ndipo ambili ali ndi kamzele kocekedwa m'makona mwake kuti muwazindikile. Anacita dala zimenezi kuti munthu asasokoneze mapaipi, conco mukaona kuti nati ikukana, yambani mwaona ngati simukuitembenuzila kolakwika.

Pakati pa regulator ndi paipi mangani flashback arrestor, ina ku okosijeni, ina ku gasi, kamuvi kake kataloza kumene gasi ikupita. Nchito yake ndi kuzimitsa lawi likabwelela m'paipi lisanafike ku silinda. Ambili amaisiya pofuna kusunga ndalama, koma mtengo wake sungafanane ndi wa denga la shopu. Kavalavu koletsa gasi kubwelela kumbuyo ndi kothandiza, koma sikaletsa lawi ndipo sikalowa m'malo mwa flashback arrestor.

Pa zida zocokela ku South Africa ndi ku Ulaya, paipi ya okosijeni imakhala ya buluu ndipo ya LPG ya olenji. Pa zocokela ku America, ya okosijeni ndi yobiliwila, ya gasi ndi yofiila. Pindani paipi pang'ono m'malo osiyanasiyana ndi kuona ngati ili ndi ming'alu. Paipi yong'ambika, yopsa kapena yodyedwa ndi makoswe itayeni. Kuimanga ndi mphila ya chubu kapena waya si kukonza. Pomaliza mangani tochi ndi nozo yoyenela kukula kwa nchito yanu.

Kuyesa ngati pali podontha

Tsekani mavalavu onse awili a pa tochi. Masulani cogwilila ca regulator iliyonse mpaka cizizungulila copepuka. Imani pambali, nkhope isayang'anane ndi geji, ndipo tsegulani silinda ya okosijeni pang'onopang'ono mpaka muvi wa geji utaima. Kuitsegula mwamphamvu kumatenthetsa mkati mwa regulator. Tsegulani ya gasi mofananamo. Ikani presha imene yalembedwa pa pepala la nozo yanu. Nozo zing'onozing'ono zimafuna presha yocepa, nthawi zambili yosafika theka la bar, ndipo kuwonjezela kumangouluzitsa lawi.

Pakani mankhwala oyesela kudontha pa mfundo iliyonse, kuyambila pa valavu ya silinda mpaka pa tochi. Ku mbali ya gasi madzi a sopo angathandize, koma ku mbali ya okosijeni sewenzetsani mankhwala olembedwa kuti alibe mafuta. Pakatuluka thovu lomakula, tsekani silinda, mangani bwino, yesaninso. Njila ina ndi kutseka masilinda ndi kuyang'ana mageji kwa mphindi zingapo. Muvi ukamatsika, pena pake pakudontha. Musafunefune podontha ndi machisi. Yesani motele nthawi iliyonse mukasintha silinda.

Kuyatsa ndi kuzimitsa

Valani magalasi oteteza maso ndi apuloni ya cikumba kapena ya thonje lolimba. Nayiloni imasungunuka n'kumamatila pakhungu. Mangani tsitsi, pindani manja a malaya, ndipo citenge cisalendewele pafupi ndi benchi.

Mawindo ali otsegula, tsegulani valavu ya okosijeni ya pa tochi kwa kanthawi n'kutseka, kenako ya gasi n'kutseka, imodziimodzi, kuti mpweya wotsalila m'mapaipi ucoke. Dikilani fungo lithe. Lozetsani nozo kutali ndi thupi lanu, mapaipi ndi masilinda. Tsegulani gasi pang'ono ndi kuyatsa ndi sitilaika yothetheka. Laita ya pulasitiki ili ndi gasi mkati, isakhale pa benchi kapena m'thumba la malaya. Lawi la cikasu likayaka, onjezani okosijeni pang'onopang'ono mpaka pakati paoneke kalawi ka buluu kosongoka. Likamacita phokoso lakuthwa, okosijeni waculuka ndipo adzadetsa citsulo canu.

Pozimitsa, tsekani okosijeni coyamba, gasi pambuyo. Tochi yoyaka musaigoneke pa thebulo, ipacikeni pa cokolowekela cake. Mukatsiliza nchito tsekani masilinda, tulutsani gasi yotsala m'mapaipi imodziimodzi mpaka mageji afike pa 0, masulani zogwilila za regulator, ndi kutseka mavalavu a pa tochi.

Pa benchi

Gulani solda, citsulo cosungunula polumikiza, yolembedwa kuti ilibe cadmium, cifukwa utsi wake umaononga mapapo. Utsi wa flux, mankhwala opaka powochelela, nawonso musaupume, mutu usakhale pamwamba pa cimene mukuwochelela. Pokonza mphete ya kasitomala, cotsani mwala musanayatse. Emalodi, monga wa ku Lufwanyama, amang'ambika ndi kutentha, ndipo ametisiti, monga wa ku Mapatizya, amasintha mtundu n'kusanduka wacikasu kapena wotumbuluka. Cinthu cotsekeka mkati cibooleni kabowo musanaciwochelele, apo ayi cingaphulike. Nyamulani zotentha ndi copanila, popeza siliva wotentha amaoneka cimodzimodzi ndi wozizila.

Zikalakwika

Mukamva kuphulika pang'ono kotsatana ndi kulila kwa mluzu mkati mwa tochi, lawi labwelela. Tsekani okosijeni pomwepo, kenako gasi, kenako masilinda, ndipo musayatsenso mpaka wodziwa ataona zida zonse. Mukamva fungo la gasi, tsekani silinda, tsegulani zitseko ndi mawindo, musakhudze swichi ya malaiti. Moto ukafika pa silinda, tulutsani anthu onse, pitani kutali ndi kuitana ozimitsa moto (ku Zambia ndi pa 993), muwauze kuti mkatimo muli masilinda a okosijeni ndi gasi. Popsa thilani madzi ozizila oyenda kwa mphindi 20, vulani mphete cala cisanatupe, musapake mankhwala otsukila mano kapena mafuta, ndipo ngati bala ndi lalikulu kapena lili kumaso, pitani kucipatala.